MAPIRITSI A MTIMA KAPENA NDIWO ZA KUDIMBA?

Amayi ndi abambo a ku Mitundu, ku Nathenje ndi m'mphepete mwa Dzalanyama, lero tikambirane za mtima.

Masiku ano kuli mapiritsi a m'mabotolo amene ogulitsa amati amalimbitsa mtima. Pabotolo pamalembedwa mawu akuti "antioxidant". Kodi mawuwa atanthauzanji? Khasu losiyidwa pamvula limachita dzimbiri, koma lopakidwa mafuta silichita. Thupi nalonso limawonongeka pang'onopang'ono m'kati, ndipo mavitamini ena, monga C ndi E, amathandiza kuliteteza. Antioxidant ndi zoteteza zimenezi.

Tsono kodi tigule mapiritsiwo? Ku Britain madokotala anayesa anthu oposa 20,000 kwa zaka 5. Gulu lina linamwa mapiritsi a mavitaminiwa, lina linamwa opanda mankhwala. Mu 2002 analengeza kuti matenda a mtima anagwira magulu onse awiri mofanana. Mapiritsiwo sanathandize.

Koma anthu odya ndiwo zamasamba ndi zipatso tsiku ndi tsiku sadwaladwala mtima. Zakudya zimenezi tili nazo pakhomo. Bonongwe, chisoso, nkhwani, matimati, magwafa, mango ndi masuku zili ndi vitamini C. Mtedza uli ndi vitamini E. Nkhwani wotendera aposa botolo la mtengo wapatali.

Amayi, pophika masamba musathire soda, chifukwa amapha vitamini C. Musawapsetse kwambiri, ndipo msuzi wake musataye. Mchere nawo uchepe. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Abambo, fodya wosuta ndi mdani wa mtima, ngakhale timamulima tokha.

Chinanso ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amati BP. Mu 2009 a Unduna wa Zaumoyo anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi muno anali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa. BP imabwera mwakachetechete, kenaka munthu amangofa ziwalo. Chotero pitani kuchipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje akakuyezeni. Ngati adokotala anakupatsani kale mankhwala a BP, musawasiye chifukwa cha botolo la pamsika.

Anzanga, inu tsopano mudziwa kuwerenga. Wina akabwera ndi botolo lotere, werengani zolembedwazo, ndipo mufunse azachipatala musanatulutse ndalama ya mtedza wanu.