Nkhumba, Masese ndi Mwana Wanu

Amai, lero tikambirane za nkhumba zongoyendayenda pamudzi. Nkhumba ikadya chimbudzi cha munthu amene ali ndi njoka ya m'mimba, ija yaitali ngati lamba, mazira a njokayo amasanduka timatuza toyera m'nyama mwake. Timeneti ndiye masese. Munthu akadya nyama yotere isanapse bwino, njoka imakula m'matumbo mwake kufikira mamita 2 kapena 3.

Choopsa koposa nachi. Mazira amatuluka ndi chimbudzi cha munthuyo. Akapanda kusamba m'manja, nagwira phala la mwana, mwanayo amameza mazira aja. Masese angathe kukhazikika mu ubongo ndi kuyambitsa khunyu, ngakhale mwanayo sanalawepo nkhumba. Chotero tsekerani nkhumba m'khola, aliyense apite kuchimbudzi osati kuthengo, ndipo sambani ndi sopo musanadyetse mwana. Nyama muiphike kufikira mkati musaoneke kufiira. Kungowaula pamoto sikukwanira.

Chigodola, chimene njiri ndi nguluwe zimakhala nacho osadwala, sichigwira anthu. Komabe nyama ya nkhumba yofa yokha musagule, ngakhale itsike mtengo. Makombo ake angathe kupulula khola lanu lonse, ndipo mankhwala ake palibe.