Ndalama ya Mvano Imakagona kwa Yani?

Mawu amene Mlembi wa Mvano analankhula kwa amayi pa tsiku la chikumbutso ku Namwera

Komiti inandipempha kuti tsiku la lero ndilankhulepo za kagulidwe ka zinthu, ndipo ndinavomera chifukwa buku la Mvano limakhala m'manja mwanga. Sukulu yanga inathera ku pulayimale, koma kulemba chimene tagula ndi kumene tachigula, kumeneko ndimatha.

Munthu akaŵerenga bukulo aona kuti Mvano ndi wogula wamkulu ndithu, ngakhale ife eni ake sitidziona chotero. Timagula nsalu ya yunifolomu, yoyera ndi yakuda. Timagula chitenje cha chikumbutso. Pa misonkhano timagula shuga, masamba a tiyi, mpunga, nyemba, mafuta ophikira ndi nkhuni, ndipo popita kukaona odwala ndi okalamba timanyamula sopo ndi mchere. Tiyerekeze kuti tilipo amayi 100, ndipo aliyense watenga chitenje chimodzi cha mamita 2. Ameneŵa ndi mamita 200 a nsalu ogulidwa tsiku limodzi. Mayi payekha sangagwedeze mwini sitolo, koma wofuna mamita 200 amampatsa mpando kuti akhale. Tsono funso langa ndi ili: ndalama imeneyi ikachoka m'manja mwa Amayi Msungichuma, imakagona kwa yani?

Tonse tikuona mmene dera lathu likukulira. Tauni ya Mangochi, imene agogo athu ankaitchula kuti Fort Johnston, pa kalembera wa 1987 kapena wa 1998 inali yaing'ono poyerekeza ndi lero, ndipo pa kalembera wa 2018 anapezamo anthu opitirira 53,000. Boma lonse la Mangochi linapitirira anthu 1,100,000. Chitsegulireni mlatho watsopano pa mtsinje wa Shire mu 2002, magalimoto akuluakulu amadutsa pano pa Namwera kupita ku Chiponde usiku ndi usana. Ana athu amene ali ku Joni amatumiza ndalama, nyumba za malata zikumera ngati bowa, ndipo pamene panali tchire lero pali golosale. Zimenezi nzokondweretsa. Koma loŵani m'magolosale amenewo, mutembenuze paketi iliyonse, muŵerenge kumene inapangidwa. Mupeza kuti tauni ikhoza kukula ndi masitolo okhaokha, anthu ake nkukhala ongogulitsa zimene apanga anzawo akutali. Sitolo imalemba mnyamata mmodzi kapena aŵiri. Kumene katunduyo amapangidwa ndiko kumalemba anthu mazanamazana, ndipo ntchito zimenezo ndi zimene ana athu amathaŵira kukazifuna ku Johannesburg.

Nkhani ya nsalu ndiyo imandikhudza kopambana, chifukwa ndi yathu amayi. Thonje limalimidwa konkuno, ku Balaka, ku Salima, ku Chikwawa ndi m'madera ena a boma lathu lino. Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira nsalu za David Whitehead, fakitale ya ku Blantyre imene inayamba mu 1967. Chitenje chake chinkafika mudzi uliwonse, ndipo yunifolomu ya ana a sukulu inkachokera kumeneko. Fakitaleyo inadzafooka pamene nsalu zotsika mtengo ndi zovala za kaunjika zinasefukira m'dziko, ndipo mu 2003 inagulitsidwa kwa a Mapeto. Thonje lathu lambiri limangochotsedwa njere nkutumizidwa kunja, kenaka limabwerera kuno litasanduka malaya a munthu wina amene anavala kale nkutopa nawo.

Pano ndisanamizire. Kaunjika waveka ana amasiye ambiri, ndipo amayi ena muno amalipira fizi ndi belo. Sindinaime pano kudzanyoza mayi wa ana asanu amene wagula juzi pa mulu chifukwa ndiyo imene angathe. Ine ndikunena za ndalama ya gulu, imene timasonkha tonse, ndiponso za tsiku limene thumba la pakhomo lalola kuti munthu asankhe.

Chinthu china chimene tiyenera kumvetsa ndi ichi. Belo la kaunjika, botolo la mafuta ochokera kunja, mkeka wa pulasitiki, zonsezi sazigula ndi kwacha, amazigula ndi madola. Madola amenewo dziko limaŵapeza makamaka pogulitsa fodya, fodya yemweyu amene kuno ku Namwera timamudziŵa fungo lake. Madola akasoŵa, kwacha imagwa. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi, ndipo tonse tinaona chimene chinachitika ndi mtengo wa sopo ndi feteleza. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anayenda mumsewu mpaka ku Nyumba ya Malamulo chifukwa belo linali litakwera kosaneneka. Mwezi wotsatira boma linaletsa kuitanitsa kunja zinthu zina zimene timatha kupanga tokha, monga ufa, mpunga, uchi, chiponde ndi machesi. Pa mndandandawo panali ngakhale timitengo totokosera m'mano. Taganizani, amayi, mlimi kuŵerama chaka chonse m'munda wa fodya, dola yake nkukagula kamtengo kotokosera m'mano, dziko lodzala ndi nsungwi!

Boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi pa 18 Malichi 2016, yolimbikitsa kugula katundu wopangidwa m'dziko muno. Koma ndondomeko siinyamula dengu kupita kumsika. Wonyamula dengu ndi inu ndi ine.

Tsopano ndifike pa mbali imene anthu ambiri amailumpha. Kunena kuti chinthu chapangidwa ku Malaŵi sikokwanira ayi. Tifunsenso kuti amene anachipanga analandira chiyani. Ife a kuno sitisoŵa wotiuza za zimenezi. Tinakula tikuona matenanti m'maesiteti a fodya: banja lonse m'munda, ana omwe, chakudya cholandira pa ngongole, ndipo pomaliza chaka, akachotsera ngongole ija, bambo nkutsala ndi ndalama yosakwana ulendo wobwerera kwawo. Fodya ameneyo anali wa ku Malaŵi ndithu, koma thukuta lake silinalipidwe. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito nkuletsa mchitidwe wa utenanti. Kulemba lamulo ndi kwina, kuti lifike m'munda ndi kwinanso.

Nchifukwa chake pali mabungwe a anthu apantchito. Kale, m'nthaŵi ya chipani chimodzi, mabungweŵa analibe mawu. Lamulo la 1996 linapatsa wantchito ufulu woloŵa bungwe lotere ndi wokambirana malipiro pamodzi ndi anzake, osati kupita yekhayekha kwa bwana chipewa chili m'manja. Mabungwe ambiri otere ali pansi pa Malawi Congress of Trade Unions, amene mumaŵamva pa wailesi pa 1 Meyi. Antchito a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa ali ndi bungwe lawo. Othyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, bungwe lawo linasayinirana pangano loyamba la malipiro ndi eni minda mu 2016. Sindikunena kuti kumeneko zonse zili bwino. Ndikunena kuti wantchito wa kumeneko ali ndi pokadandaula, ndipo kapu ya tiyi imene timamwa pa msonkhano ili ndi munthu kumbuyo kwake amene anakhalapo pa tebulo nkunena mtengo wa thukuta lake. Ana athu a ku Joni amadziŵa chizindikiro cha Proudly South African chimene chinayamba mu 2001. Kumeneko mabungwe a antchito anali nawo pokhazikitsa chizindikirocho, ndipo kampani yochifuna iyenera kuonetsa kuti imasunga malamulo a ntchito. Kuno chizindikiro chimene timachiona kaŵirikaŵiri ndi cha Malawi Bureau of Standards. Chimenechi chimatiuza kuti katunduyo anayesedwa ndipo ndi woyenera, koma za malipiro sichinena kanthu. Pamenepo tiyenera kufunsa ndi pakamwa.

Palinso makopaletivi ndi magulu a alimi, kumene opanga katundu ndiwo eni ake. Mpunga wa Kilombero wa m'mapaketi a NASFAM ndi wa alimi ang'onoang'ono a ku Karonga. Khofi wa Mzuzu ndi wa makopaletivi a alimi a kumpoto. Pafupi pomwe pano pali amayi oumba mbaula za chitetezo, oluka mikeka ya mlaza, alimi a njuchi, ndi magulu a banki m'khonde amene amakongoza mayi ndalama yoyambira geni ya mandasi. Ndalama yoperekedwa kwa anthu otere siikwera basi. Telala akalandira amagula usipa kwa mayi wochokera kunyanja, mayi wa usipa amagula nyemba kwa mlimi, mlimi amalipira kabaza, wa kabaza amadzasoketsa yunifolomu ya mwana wake kwa telala yemwe uja. Ndalama imodzi yadyetsa mabanja anayi isanawoloke Shire. Ndipo abambo amene akumanga nyumba tingaŵakumbutse kuti simenti ikupangidwa ku Njereza, m'boma lathu lomwe lino.

Ndiloleni ndilankhule za khalidwe lathu, ngakhale ena sakondwa nane. Tikaloŵa m'sitolo yaikulu ku boma, mtengo wolembedwa pa pepala timalipira osatsegula pakamwa, ndipo timatuluka tikunyadira jumbo. Koma tikafika kwa gogo wogulitsa tomato pansi, timanenerera mpaka mulu wa anayi usanduke wa asanu ndi umodzi, nkupemphanso basela. Kwa mwini okala woyandikana naye timatenga pa ngongole, tikapeza ndalama timakagula kwina kuti tisaonane naye. Okala zingati zatsekedwa pano pa Namwera chifukwa cha kabuku ka ngongole? Telala timampatsa nsalu Lachinayi kuti tivale Lamulungu, ndalama nkudzampatsa mwezi wa maŵa. Ndipo ena a ife tili ndi mtsikana wantchito pakhomo kapena anthu a ganyu kumunda. Mu Febuluwale 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa a wantchito wamba kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi, ndipo mu 2025 linakwezanso. Antchito a m'nyumba nawonso ali ndi mlingo wawo wolembedwa. Sitingafunse fakitale za malipiro pamene mwana wa mwini wake akutsuka mbale zathu nkulandira chitenje chakutha.

Pali zinthu ziŵiri zimene sindifuna kuti wina azimve molakwa. Choyamba, ndikamati tigule kwa anzathu sindikunena a mpingo wathu okha. Kuno ambiri mwa atelala, ogulitsa nyama ndi eni magolosale ndi abale athu Achisilamu. Timatunga nawo madzi pa mjigo umodzi, timalira nawo maliro, ndipo ndalama ikagona kwa iwo yagona pa Namwera. Chachiŵiri, anthu a ku Mandimba si alendo. Ambiri muno tili ndi azakhali kutsidya kwa malire, chilankhulo ndi chimodzi, ndipo zaka za njala chimanga cha ku Mozambique chatipulumutsa kangapo. Mlimi wa kumeneko wobwera ndi thumba lake panjinga ndi mnzathu. Chimene ndikudana nacho ndi mtima uja wonena kuti chinthu chikakhala chakwathu ndiye kuti nchachabe, tisanachigwire nkomwe.

Nawonso amalonda athu amve, ndipo amayi amene amuna anu ali ndi geni mukaŵauze. Sikelo ikhale yoona. Mpunga usakhale ndi miyala. Kalipentala asagwiritse matabwa aaŵisi oti benchi lipindike mvula yoyamba. Telala akanena Lachisanu likhale Lachisanu. Chaka china telala wina anatisokera mabulauzi oti manja ake anali osiyana kutalika, ndipo amayi ambiri anachita kukamasula okha kunyumba. Wotere timamuuza poyera, akapanda kusintha timapita kwa mnzake wa pakhonde lina. Kugula kwa mnansi si kupereka mphatso, ndi malonda.

Tsono, Amayi Wapampando, ndikupereka maganizo aŵa kuti komiti ikaŵaone. Chitenje cha chikumbutso chikubwerachi tiyambe tafunsa mtengo ku fakitale ya m'dziko muno tisanatume munthu kunja, ndipo mitengo yonse iŵiri idzaŵerengedwe pamaso pa amayi. Ikasiyana pang'ono, ine ndidzaimika dzanja kuti tisindikize konkuno. Ikasiyana kwambiri, amayi adzaŵeruza okha, chifukwa ndalama ndi yawo. Yunifolomu isokedwe ndi atelala a pano, ntchitoyo igaŵidwe kwa angapo, ndipo theka la ndalama liperekedwe poyamba kuti agulire ulusi ndi mabatani. Mpunga, nyemba, ndiwo zamasamba ndi nkhuku za pa misonkhano tigule kwa alimi ndi magulu a m'midzi yathu, pa mtengo wa pamsika wa tsiku limenelo, ndalama pamanja. Shuga, tiyi, sopo ndi mafuta, wotumidwa azitembenuza paketi asanalipire.

Kuyambira mwezi uno ndawonjezera mzere umodzi m'buku la Mvano. Pambali pa mtengo wa chinthu ndizilembanso kumene chinapangidwa, ndipo pa msonkhano wa kutha kwa chaka ndidzakuŵerengerani. Amayi amene muli ndi makina osokera, amene mumaumba mbaula, kuluka mikeka kapena kuŵeta nkhuku, mundipeze pansi pa mtengo wa mango tikatha kudya kuti ndilembe maina anu tisanabalalike.