Nanzikambe wa ku Phiri la Mabu



Lero tikambirana za nyama za m'dziko lathu la Moçambique, ndi mmene zimalembedwera m'mabuku.

M'chigawo cha Zambézia, m'boma la Lugela, muli phiri lotchedwa Mabu. Paphiripo pali nkhalango yowirira ya mahekitala oposa 7,000. Anthu a kumeneko aidziwa kuyambira kale. Amasakamo nyama, ndipo nthawi ya nkhondo, imene inatha mu 1992, ena ankabisalamo ndi ana awo. Koma m'mabuku a akatswiri a zanyama nkhalangoyi munalibe.

Mu 2005 katswiri wina, Julian Bayliss, anaiona pa zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba. Mu 2008 gulu la akatswiri, a kuno kwathu ndi a kunja, linakwera phirilo. Nyuzipepala za ku Ulaya zinalengeza kuti kwapezeka nkhalango yosadziwika. Yosadziwika kwa yani? Amene anawalondolera njira ndi kuwasenzera katundu anali anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo.

Komabe ntchito imene alendowo anagwira ndi yofunika. Anapeza nyama zimene zinali zisanalembedwepo. Kanjoka kena, kachibale ka mphiri, kanalembedwa mu 2009. Nanzikambe analembedwa mu 2010, mleme mu 2012. Analembanso agulugufe.

Kodi amadziwa bwanji kuti nyama ndi yatsopano? Kungoiona sikukwanira. Amagwira imodzi, naiyeza utali wake, nawerenga mamba ake. Amaifanizira ndi zinzake zimene zinalembedwa kale. Nanzikambe wa ku Mabu anamufanizira ndi mbale wake wa ku phiri la Mulanje, ku Malawi, ndipo anapeza kuti ndi osiyana. Kenaka amaisunga m'botolo la mankhwala oletsa kuola, m'nyumba yosungiramo zotere. Ku Maputo iliko nyumba yotere, Museu de História Natural. M'botolomo amaikamo kapepala konena malo, tsiku ndi dzina la amene anaigwira. Kapepalako kakatayika, nyamayo yasanduka chinthu chakufa chabe, pakuti palibenso angadziwe kumene inachokera.

Pomaliza amaipatsa dzina la mawu awiri, loti lizigwira ntchito m'mayiko onse. Dzina la nanzikambe wathuyu ndi Nadzikambia baylissi. Tiyeni tiwerenge pamodzi mawu oyambawo: Na-dzi-ka-mbi-a. Mwawamva? Ndi mawu a chinenero chathu chomwechi. Akatswiri anawatenga kwa anthu amene amati nadzikambe, nawalemba mu 2006. Mawu achiwiriwo ndi dzina la Bayliss uja. La mlenje wolondolera njira palibe. Ife tikuti mpaka liti? Ana athu nawonso aphunzire, adzalembe okha nyama za kwawo.

Ntchitoyi siyofunika kuichedwetsa. Nyama zina zimakhala paphiri limodzi lokha, kwina kulikonse kulibe. Ku phiri la Namuli, pafupi ndi Gurué, nkhalango yaikulu yadulidwa kale kuti palimidwe mbatatesi. Njala tikuidziwa tonse, ndipo wolima sitimunyoza. Koma nkhalango yotere ikapsa, nyama imene inali isanalembedwe imapita osadziwika kuti inaliko. Boma likafuna kuteteza malo, limafunsa kaye kuti muli chiyani. Yankho lake liyenera kukhala lolembedwa.

Tsono nayi ntchito ya sabata ino. Aliyense atsegule tsamba latsopano m'kope mwake, ajambule mizere itatu: dzina, malo, tsiku. Mukaona mbalame kudimba, nsomba mumtsinje, buluzi pamwala, lembani. Ngati dzina simukulidziwa, funsani agogo. Afunseninso nyama zimene ankaziona ali ana koma lero sizionekanso, ndipo muzilembe patsamba lina. Tikakumananso, aliyense adzaimirira nawerengera gulu mayina asanu.