Bwalo la Masewero ndi Minda ya Cinangwa



Ife aphunzitsi a m'midzi ya ku Limphasa tapemphedwa kunena mau pang'ono pa tsiku lino la jubili. Tikadakonda kunena za kale zokha, pakuti za kale sizikwiyitsa munthu. Koma pali mrandu umene uli m'kamwa mwa anthu kuyambira ku dambo kufikira ku gombe, ndipo sikuyenera kuti tidye nsima ya cikondwerero tiri kuubisa. Mranduwo ndi uwu: sukulu ina ya kwathu kuno, imene sitiichula dzina popeza muidziwa nonse, ifuna kukula ndi kukhala koleji. Akuru ace afuna kumanga nyumba zogona ophunzira, ndi bwalo lalikuru la mpira ndi la liwiro. Ndipo pamene oyesa malo akhoma zikhomo zao pali cinangwa ca anthu, pali mitengo ya mango, ndipo cakumapeto kwace kuli manda. Eni minda akana. Ndipo tamva ena alikuwachula adani a maphunziro.

Dzina limenelo siliyenera Mtonga. Pamene Dotolo Robert Laws anacoka ku Cape Maclear m'caka ca 1881, nadzakhala ku Bandawe pakati pa midzi ya mafumu monga Marenga ndi Chimbano, makolo athu sanabise ana ao. Anawatumiza ku sukulu ambirimbiri, kotero kuti mbiri ya Atonga inamveka kutali. M'caka ca 1894 Dotolo anakwera ku Khondowe namanga sukulu yaikuru ya Overtoun, ndipo anyamata a kuno anamtsata. Mmodzi wa iwo ndiye Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la anchito la I.C.U. ku Cape Town m'caka ca 1919. Anthu otere sangathe kudana ndi koleji. Cimene aopa ndi cina, ndipo cifukwa cace ticidziwa.

Pakuti taonani, m'zaka za m'ma 1970 kunamveka mau akuti ku Chintheche kudzamangidwa fakitale yaikuru yopanga mapepala ndi mitengo ya paini ya ku Chikangawa. Malo anapatulidwa, mabanja anasamutsidwa pa minda ya makolo ao. Koma fakitale sinamangidwe, kufikira lero lomwe. Ife tinali ana pamene akuru anali kunena nkhani iyi madzulo, ndipo tikumbuka kuti sanali kuinena ndi kuseka. Munthu amene amace anasiya munda cifukwa ca cinthu cosaoneka, akaona cikhomo ca woyesa malo, mtima wace ugunda, cinkana woyesayo anene mau okoma.

Ndipo mrandu wotere suli kwathu kokha. Yunivesite ya Mzuzu inakhazikitsidwa ndi lamulo m'caka ca 1997, nilandira ophunzira ace oyamba mu 1999, m'nyumba za ku Luwinga zimene kale zinali sukulu ya aphunzitsi. Malowo anacepa msanga. Ndipo m'mwezi wa December 2015 moto unatentha nyumba ya mabuku, nuonjeza kusowa pa kusowa. Malo ena aakuru anasankhidwa ku Choma, kunja kwa mzinda. Koma kumeneko kunali anthu ndi minda yao, ndipo zaka zinapita akali kukangana za cipukuta misozi. Palibe anapindula ndi kucedwa kumeneko: ophunzira anakhala mothinana, ndi eni malo anakhala osadziwa ngati abzale mtengo kapena aleke.

Tsono tiwerenge monga tiphunzitsa ana. Bwalo la mpira lalikuru litalika mamita 105, ndi m'mimba mwace 68. Ndiwo pafupifupi maekala awiri. Mukalizinga ndi njira ya liwiro ya mamita 400, mwafika pa maekala anai, musanamange pokhala anthu oonerera. Kwa munthu wa ku ofesi maekala anai ndi kadontho pa mapu. Kwa ife ndiyo minda ya mabanja awiri kapena atatu. Ndiponso cinangwa sicifanana ndi cimanga, cimene munthu akolola tsiku limodzi naika m'nkhokwe. Nkhokwe ya cinangwa ndiyo nthaka yomwe. Mai azula pang'ono lero, aviika, ayanika, asinja, naphika kondowole. Sabata ya mawa azulanso. Cikhala m'munda caka cathunthu ndi kupitirira. Cotero iye wakutenga munda wa cinangwa watenga munda ndi nkhokwe pamodzi. Ndipo ndalama zolipira mbeu za caka cimodzi zitha pamene njala iri kuyamba. Za manda sitinena zambiri. Inu amene mwaona manda a azungu a Mishoni ku Bandawe wakale, m'mene asungidwira kufikira lero, mudziwa nokha kuti manda salimidwa.

Koma tsopano eni minda atimvere ifenso, pakuti sitinaime pano kuwakondweretsa iwo okha. Bwalolo tilifuna. Ife tikhala ndi ana tsiku ndi tsiku, ndipo taona mwana wosatha kuwerenga bwino akhalabe pa sukulu cifukwa ca mpira, mpaka kuwerengako kumtsegukira. Taona atsikana athu alikuponya mpira wa manja pa nthaka ya zitsa, nabwera m'kalasi zala zikucuca mwazi. Mwawi Kumwenda, amene anachulidwa wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa manja ku Sydney mu 2015, ndi mwana wa cigawo cathu ca kumpoto. Tabitha ndi Temwa Chawinga a ku Rumphi, amene amenya mpira ku maiko a kutali, cimodzimodzi. Ndani adziwa ngati wina wotere sali pa mcenga pano? Ndipo makolo athu sananyoze masewero: mudzi uli wonse wodziwika unali ndi bwalo lace la malipenga, losesedwa bwino, ndipo palibe anadandaula kuti bwalolo ladya munda. Sanadandaule popeza linali lao. Analisankha okha, nalowamo osapempha.

Pamenepo ndipo pagona cinthu. Bwalo la mpanda wa njerwa ndi mlonda pa cipata, limene mwana wa mwini munda adzaliona posuzumira, lidzakhala cironda m'mudzi zaka zonse. Cifukwa cace tipempha akuru a sukulu kuti azule zikhomo zao poyamba, nadze ku bwalo la mfumu monga alendo, osatumiza kalata yokha. Malamulo a malo a caka ca 2016 anaika makomiti a malo m'midzi, nalamula kuti mukhale akazi; awaitane amaiwo, pakuti ndiwo adziwa malire a munda uli wonse. Wotaya munda apatsidwe munda wina wobala, aubzale, cinangwa cace cikhwime, pamenepo khasu la omanga ligwe. Cipukuta misozi cidze nchito isanayambe, si pambuyo pace ai. Alembe pamaso pa mafumu kuti ana a sukulu za m'midzi adzasewera m'bwalomo masiku akuti, ndi kuti malo akakhala osamangidwa zaka zakuti adzabwerera kwa eni ace. Ndipo ngati ndalama ziri zocepa, asalaze bwalo limodzi naike mitengo ya zigoli, aleke kutenga maekala khumi cifukwa ca nyumba zimene ziri pa pepala.

Ife aphunzitsi tidzadza ku msonkhanowo mpunga wa ku dambo ukatha kukololedwa, ndipo tidzatenga cingwe coyesera, kuti munthu ali yense aone ndi maso ace pamene bwalo lilekeza. Tamva ng'oma ya malipenga kuseri kwa chalichi. Anyamata atopa ndi kudikira. Tikhala pansi.