Mwanayo analipo: mawu omwe ndinayankhula pamkumano wathu

Ndiyambe ndi funso. Ndi angati muno anamvapo kuti maliro a mtayo salira? Mwaona manjawo eti?

Kwathu kuno mwana akabadwa atamwalira kale, nthawi zambiri amakaikidwa ndi azimayi akuluakulu okha, mwakachetechete, opanda nyimbo, opanda dzina. Mayi amabwerera kunyumba mkaka ukutuluka, matewera ali m'chikwama, anthu n'kumangoti, "Limbani mtima, mudzabereka wina."

Sizochitika mwa apo ndi apo ayi. Lipoti la UNICEF ndi mabungwe anzake la mu 2020 linati ana pafupifupi 2 miliyoni amabadwa atamwalira chaka chilichonse padziko lonse, mwana mmodzi pa masekondi 16 aliwonse. Koma zithunzi zawo munazionapo?

Ku Chicago, m'dziko la America, kuli wojambula zithunzi dzina lake Todd Hochberg. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, makolo akhala akumuitana kuchipatala mwana wawo akabadwa atamwalira kapena akatsala pang'ono kutisiya. Sawauza kuti imani apa, yang'anani kuno. Amangokhala nawo m'chipindamo, n'kumajambula zomwe zikuchitika: mayi akuyangata mwana, bambo atagwira kadzanja, abale akutsanzika. Ku Colorado nako, bungwe la Now I Lay Me Down to Sleep, lomwe linayamba mu 2005, limatumiza ojambula ongodzipereka kuti makolo otere akhale ndi zithunzi mwaulere.

Chithunzi sichichotsa ululu. Koma mayi amakhala ndi mwanayo maola ochepa chabe, mutu utazunguzika. Pakapita miyezi amayamba kudzifunsa, kodi mphuno ija inali ya ndani? Chithunzi chimamuyankha. Chimauzanso abale kuti mwanayu analipo, ndipo uyu ndi mayi.

Tisamvane molakwika. Sindikuti tizithamangira kuchipatala ndi mafoni. Wosankha ndi mayi mwini: kumuona mwana kapena ayi, kumujambula kapena ayi, chithunzi kuchisunga m'sutikesi kapena kuchionetsa. Chosaloleka n'kumusankhira, ngakhale titamufunira zabwino.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mnzanu zikamugwera, musamuuze kuti aiwale. Mufunseni, "Asisi, munamutcha ndani?" Kenako khalani pansi, mumvetsere. Pa 15 Okutobala, tsiku lokumbukira ana otere, tidzayatse kandulo 7 koloko madzulo.