Mlendo Amene Analankhulira Kuseri kwa Khoma

Makolo athu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndiko kunena kuti munthu wocokera kwina angathe kudziwa cimene eni mudzi sacidziwa. Lero tikambe za alendo amene amaitanidwa kukalankhula pa sukulu zazikuru zochedwa mayunivesite. Funso lathu ndi ili: ophunzira akaitana mlendo, kodi ndani ali ndi mphamvu yomtsekera pakhomo?

Tiyambire ku America. Mu June 1963, pa tsiku lotsiriza la msonkhano wace, nyumba ya malamulo ya cigawo ca North Carolina inapanga lamulo mofulumira, popanda kulikambirana kweni-kweni. Lamulolo linaletsa anthu a mitundu itatu kulankhula pa sukulu zazikuru za boma: a cipani ca Komyunisti, ofuna kugwetsa malamulo a dziko, ndi amene anakana kuyankha atafunsidwa za Cikomyunisti. Masiku amenewo America ndi Russia anali pa udani waukuru, ndipo dzina loti Komyunisti linali lokwanira kumtseka munthu pakamwa.

Mu 1966 ophunzira a pa yunivesite ya ku Chapel Hill anaitana alendo awiri: Frank Wilkinson, amene anakhalapo m'ndende cifukwa cokana kuyankha mafunso a komiti ya nyumba ya malamulo, ndi Herbert Aptheker, wolemba mabuku a mbiri, yemwe anali Mkomyunisti wodziwika. Akuru a sukulu anawakaniza. Tsono m'malire a sukuluyo muli khoma la miyala, lalifupi ndithu, loti mwana angalilumphe. Alendowo, yense pa tsiku lace, anaimirira m'mbali mwa mseu wa Franklin Street, kunja kwa khoma, kumene lamulo silinafike. Ophunzira oposa cikwi anasonkhana m'kati mwa khoma namvetsera. Ambiri a iwo sanali kufuna Cikomyunisti konse. Cimene anakana ndico kuti munthu wina awasankhire mau oyenera makutu ao. Pambuyo pace anapita nao mlandu ku khoti, ndipo mu February 1968 oweruza atatu anagamula kuti lamulolo linali lotsutsana ndi malamulo akuru a dziko, popeza silinanene momveka amene linali kumletsa. Linafafanizidwa m'mabuku mu 1995.

Caka comweco ca 1966, cimenenso Yunivesite ya Zambia inalandira ophunzira ace oyamba ku Lusaka, kunacitika zina kumwera kuno. Bungwe la ophunzira a ku South Africa lochedwa NUSAS linaitana Robert Kennedy, mbale wace wa pulezidenti wa America amene anaphedwa mu 1963. Boma la Dr. Verwoerd linazengereza miyezi ingapo kumpatsa cilolezo colowera m'dziko, koma kumkaniziratu munthu wochuka cotere linacita nako manyazi. Cotero linagwira woitana m'malo mwa woitanidwa. Ian Robertson, mtsogoleri wa bungwelo, anamletsa kupezeka pa misonkhano. Pa 6 June, pamene Kennedy analankhula pa Yunivesite ya Cape Town, ophunzira anasiya mpando umodzi wopanda munthu, kuti onse aone kuti mwini phwando palibe. Pa ulendo womwewo Kennedy anakaceza ndi Mfumu Albert Luthuli ku Groutville, amene boma linamtsekera kwao, ndipo mau ace sanaloledwe kusindikizidwa m'nyuzipepala.

Mwina wina anena kuti, "Izo ndi za maboma ouma mtima a kale." Iai, nkhaniyi siinathe. Yunivesite yomweyo ya Cape Town inaitana Flemming Rose, mkonzi wa ku Denmark amene mu 2005 anasindikiza zithunzi za Mneneri Muhammad zimene zinapweteka mitima ya Asilamu ambiri. Anayenera kulankhula pa mwambo wa caka ndi caka wokumbukira ufulu wa maphunziro. Koma mu 2016 akuru a sukulu anabweza ciitanoco, nati aopa cipolowe ndi magawano pakati pa ophunzira. Apa sanaletse ndi boma, koma sukulu yokha, ndipo mlendoyo anali munthu amene ambiri anali ndi cifukwa ceni-ceni comkwiyira. Pamenepa ndi pamene funso lathu lilimba, pakuti nkosavuta kumenyera ufulu wa munthu amene mau ace atikomera.

Maganizo anga ndi awa. Coyamba, kuletsa mlendo sikulanda wolankhula yekha, kulandanso omvera. Wolankhula adzapeza bwalo lina, monga anacitira Aptheker pa mseu, koma wophunzira amene sanamve mbali inayo sadziwa ngakhale mphamvu ya mbali yace. Pa bwalo la mfumu mlandu sugamulidwa mwini wace asanalankhule, ngakhale mudzi wonse ukhulupira kuti ndi wolakwa.

Caciwiri, kumvetsera munthu si kubvomereza mau ace. Inu a ku migodi mudziwa kuti atsogoleri a anchito amakhala pa tebulo limodzi ndi akuru a kampani, namva zonse zimene anena, koma osagulitsa anzao. Yemwe sagwirizana ndi mlendo ali nao ufulu wace: kumfunsa mafunso olimba, kuimirira panja ndi zikwangwani, kapena kuitana mlendo wina womtsutsa. Cimene alibe ndico ufulu wokuwa mpaka anzace alephere kumva.

Cacitatu, malire alipo. Munthu wouza khamu kuti likamenye kapena kuocha nyumba za ena sali kuphunzitsa, ndipo lamulo liyenera kumgwira. Ndiponso yunivesite siikakamizidwa kuitana munthu ali yense. Nthawi yoganiza bwino ndiyo kalata isanatumizidwe. Koma ikamuitana, kenaka nimbweza cifukwa ena aopseza, iphunzitsa ana ace kuti woopseza ndiye apambana, ndipo mawa ena adzaopseza pofuna kuletsa mlendo amene inu mumkonda.

Ambiri a inu mutuma ana ku sukulu zimenezi ndi ndalama za thukuta. Akabwera pa chuthi, afunseni ngati anamvapo munthu amene sagwirizana naye, ndiponso cimene anamyankha. Kalumo ka mlendo kangamete bwino, kangathenso kuceka, koma sitidziwa tisanakaone. Kambiranani nkhaniyi ndi anzanu, ndipo mutilembere maganizo anu.