Khofi Wabwino Tikammwere Kuti?



Kuno ku Namadzi khofi si mlendo. Mbewuyi inafika ku Mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878, ndipo esiteti ya Bruce ku Magomero kuno inayamba ndi khofi isanatembenukire ku thonje ndi fodya. Agogo athu anakhetsa thukuta la thangata m'minda imeneyo, kapu n'kumamwera ena. Chondidandaulitsa n'chakuti ife adzukulu, ndi masatifiketi athu onsewa, tikumwabe wa m'chitini wochokera kunja.

Mukapita ku Blantyre, lowani ku La Caverna m'nyumba ya Mandala, ija inamangidwa mu 1882. Amene muli ndi galimoto pitirirani ku Satemwa ku Thyolo, kumene mukammwere pafupi ndi munda wake. Musachite manyazi kufunsa: walimidwa kuti, wakazingidwa liti? Khofi akakhalitsa fungo limathawa. Wa Mzuzu Coffee, wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono monga a ku Misuku, yambani mwamulawa wopanda shuga. Inde, a Msungichuma, masipuni anu atatu aja tikuwadziwa.

Ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wotsatira tidzagule wa m'dziko momwe muno, ndalama yathu ikafike kwa mlimi.